Nyumba ya Kuseri kwa Golo

Nyumba yathu inali kuseri kwa golo, m'mphepete mwa bwalo la kampani. Ndikaima pa zenera la kukhitchini ndikutsuka mbale, bwalo lonse linkaoneka, kuyambira pa benchi mpaka pa chimbudzi cha alendo chija chopanda chitseko. Mpira ukaphonya golo unkagwera m'kadimba kanga ka tomato, ndipo timu yathu inkaphonya zedi. Ndiye munthu asandiuze kuti mzimayi angadziwe chiyani za mpira. Ine pulakatisi ya timu imeneyo ndinkaionera tsiku ndi tsiku, kuposa anyamata ena amene ankatchedwa osewera.

Nyumbayo sinali yathu, inali ya fakitale ya sopo. Zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini, mpopi wa madzi pakhomo pomwepo. Anatipatsa chifukwa amuna anga anali kaputeni wa timu ya kampani. Ntchito imene anawalemba inali yomata makatoni m'mawa, koma aliyense ankadziwa, ngakhale afolomani, kuti makatoniwo n'chophimba m'maso chabe. Anyamata onse a timu analowa ntchito chifukwa cha miyendo yawo. Ndiye chaka chimenecho kunabwera bwana wamkulu watsopano, amene anaitanitsa timu yonse n'kunena mosapsatira kuti iye amapanga sopo, sapanga mpira. Timu ikatuluka mu ligi, yatha. Ikatha, ntchito ya makatoni yatha, ndipo nyumba zibwerere ku kampani.

Tinali ndi ana atatu: mtsikana wathu wamkulu, amene anali m'kalasi yomaliza ya pulayimale, ndi anyamata awiri ang'onoang'ono. Wachibale woti angalandire anthu asanu pakamodzi ine sindimudziwa. Ndinkadziwa kuti nyumbayo ikapita tigawidwa ngati katundu, wina uku wina uko.

Amuna anga anangoseka, akumasula zingwe za nsapato pakhonde.

"Mayi, inu mumadandaula msanga. A kochi akuti zilibe kanthu, ligi ikadalipo yaitali."

A kochi amenewo ndi amene ndikufuna ndikuuzeni za iwo. Ndisaname, anali munthu wabwino, ndipo ndikunena izi ndikukukuta mano. Mwana akadwala pakhomo pa wosewera, woyamba kufika anali iwo, pa njinga yawo yakale yopanda mabuleki. Mwana wanga wamng'ono atapsa ndi madzi otentha, ndi iwo anamubereka kumsana mpaka kuchipatala, amuna anga akungozungulirazungulira pabwalo osadziwa chochita. Sindinawamvepo akukalipa. Wosewera akachedwa, "Zilibe kanthu, mwanangu, bola wafika." Akaphonya golo lopanda munthu, "Zilibe kanthu, mawa ulowetsa." Mpaka masapota anawapatsa dzina loti a Zilibekanthu, ndipo iwo ankayankha dzinalo akumwetulira.

Pulakatisi inkayenera kuyamba sayirini ya masana ikalira. Sayirini inkalira, bwalo lili zii, muli a kochi okha akuyala timakoni tawo. Kenako anyamata ankatulukira mmodzimmodzi, ngati anthu obwera pamaliro a munthu amene sankamudziwa bwino. Goloboyi wathu, mnyamata wa masaya onenepa, ankabisa foni m'sokosi. Wakutsogolo, amene ankamutcha Ndege, ankabwera atavala patapata, ati nsapato zampira zikumuotcha zala. Akawauza kuti athamange kuzungulira bwalo, ankadula pakati, ena n'kudzakhala pamthunzi kuseri kwa dimba langa kumandipempha madzi ozizira. Ozizira! Ngati anandigulira filiji.

Lamulo lenileni a kochi anali nalo limodzi lokha, ndipo limenelo ankalisunga ngati la kutchalitchi. Wosewera akamva kuti chinachake chamuwawa, akweze dzanja. Dzanja likakwera, amene ali ndi mpira autole, aunyamule m'manja, masewera aime mpaka mnzakeyo akhale bwino. Poyamba linali la anthu ovulala. Koma anthu mukuwadziwa. Posakhalitsa dzanja linkakwera chifukwa cha ludzu, chifukwa chingwe cha nsapato chamasuka, chifukwa foni yalira m'sokosi mwa goloboyi. Masewera sankapita patali dzanja lisanakwere. Ndipo wotola mpira kawirikawiri anali amuna anga, poti ndiwo kaputeni, komanso ali ndi mtima wofewa ngati buledi wonyowa. Ankangoti aone dzanja, awerama kale, mpira uli m'khwapa, akufuula kuti, "Imani kaye! Imani kaye!"

Zotsatira zake zinkaoneka pa tsiku la masewera. Chigawo choyamba, eee, anyamata athu ankasewera mpira wokoma, chifukwa luso anali nalo, pamenepo sindingawanyoze. Koma akangobwera kopuma, malilime kunja, manja m'chiuno. Matimu ena anali atatidziwa. Ankangotisiya tivine kaye, kenako n'kutimwetsa zigoli chakumapeto ngati akutunga madzi pampopi. Amuna anga masapota ankawatcha Khoma, poti kale wakutsogolo aliyense ankagunda pa iwo n'kubwerera. Chaka chimenecho khomalo linali litamera mimba.

Ine ndinaona kuti ndikangokhala manja lende tigona panja. Ndinayamba kuwadzutsa m'mamawa.

"Bambo, dzukani mukathamange."

"Aaa, mayi, kunja kukuzizira. Pulakatisi ilipo masana."

"Ija mumati pulakatisi ija? Ine ndikamachapa zovala zanu ndimatuluka thukuta kuposa inu. Dzukani!"

Ankadzuka akung'ung'udza, n'kutuluka pageti akuthamanga bwinobwino, ine mtima n'kukhala m'malo. Ankabwerako patapita nthawi, jezi itanyowa. Tsiku lina shuga anatha m'nyumba, ndinapita kukagula kuokala ya pakona. Abale inu, ndinawapeza ali phee pabenchi ya ometa tsitsi, mwendo pamwamba pa unzake, akukambirana za matimu akunja ndi wometayo. Pambali pawo panali botolo la madzi lothira pa jezi.

Ndinawakalipira pomwepo, pamaso pa wometa ndi makasitomala ake. Sindinasankhe mawu. Iwo anangoyang'ana pansi, kenako akuti, "Bondo limandiwawa, mayi. A kochi anati thupi ukamalikakamiza limabwezera." Ndinabwerera kunyumba shuga osagula, misozi ili m'maso, ya ukali osati ya chisoni.

Masewera anapitirira, ife tikungotsika. Pamene ligi inkayandikira kumapeto ndinaganiza zopita kwa mwini wake wa matendawo. Ndinawapeza a kochi m'kachipinda kosungira mipira, kuseri kwa benchi, akupopa mpira ndi pampu ya njinga. M'menemo munkanunkha masokosi onyowa ndi mafuta opaka miyendo. Atandiona anaimirira msanga, n'kupukuta mpando ndi chipewa chawo.

"Khalani apa, mayi. Ana ali bwanji? Wamng'ono uja chipsera chinatha?"

Mwaona? Munthu wabwera ndi moto, iwo ayamba ndi chipsera cha mwana. Koma ndinalimba mtima, mpando sindinakhalepo.

"A kochi, ine ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi. Athamangitseni anyamatawa. Akalipireni. Wochedwa abwerere kwawo, wobwera ndi patapata akhale pabenchi. Amuna anga yambani ndi iwo, ndakupatsani chilolezo ine mkazi wawo. Nyumba ija ikapita, ana anga ndikawaika kuti?"

A kochi anapinda buluku mpaka pamwamba pa bondo. Bondolo linali lopindika, lotupa mbali imodzi, lili ndi chipsera chachitali chosokedwa moipa.

"Ili anandipatsa ndi kochi wanga," anatero. "Ndinamuuza kuti bondo likuwawa, iye anati ndine waulesi, n'kundithamangitsa pamasitepe mpaka linathyoka. Mpira wanga unathera pomwepo ndikadali mnyamata. Ndinalumbira, mayi, kuti ine mwana wa munthu sindidzamuchita zimenezo. Awa ndi ana a eni ake."

"Anganso ndi ana a eni ake," ndinayankha. "Mwini wake ndi amene waima pano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira, ngati munthu amene sakugona bwino, ndipo ndinazindikira kuti zonse zimene ndikunenazo akuzidziwa kale. Zimenezo zinandiopsa kuposa akanati anditsutse.

"Mukunena zoona," anatero. "Mawa muona."

Mawa lake ndinasiya mbale m'beseni n'kukhazikika pazenera. A kochi anabwera ndi wezulo watsopano pakhosi, nkhope atamanga. Ndege atatulukira ndi patapata wake, anamubweza kuti akavale nsapato. Anyamata anayang'anana, ena akuseka, kuyesa nthabwala. A kochi anawaika pamzere n'kuwauza kuti athamange kuchoka golo ili kufika golo ilo, kubwerera, kupitanso, osaima. Ine pazenera mtima unkagunda ngati ndine ndikuthamanga. Ndinati Ambuye, mwina tipulumuka.

Sizinapite patali. Goloboyi anagwada pakati pa bwalo, dzanja m'mwamba, n'kuyamba kusanza zonse zimene anadya masana. Ndinaona a kochi akuyang'ana kumbali, akuyesetsa kuti asamuone. Analimba kanthawi kochepa. Kenako wezulo unagwa pakamwa, anathamangira komweko akutsimphina, n'kumugwira mutu mnyamatayo ngati khanda. Ena onse anali atagona kale pa kapinga. Pulakatisi inathera pomwepo, ndipo tsiku lotsatira a kochi anabwera ndi thumba la malalanje lopepesera. Ndege anabweranso ndi patapata.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso kukachipinda kaja. Ndinayamba kusunga makatoni opanda kanthu pansi pa bedi, amuna anga osadziwa.

Masewera omaliza anali pabwalo lathu lomwelo, ndi timu ya kampani ya mabasi. Nkhani inali yosavuta, ngakhale mwana wanga wamng'ono ankaidziwa: tikapambana kapena kufanana mphamvu, tatsala mu ligi. Tikagonja, tatuluka. Anthu anadzaza mpaka pamwamba pa mpanda. Bwana wamkulu anabwera, n'kukhala pampando wa pulasitiki pafupi ndi benchi, akuyang'ana wotchi. Ine sindinalowe m'bwalo. Ndinaima m'dimba langa, kuseri kwa waya, mtsikana wanga wamkulu ali pambali panga atandigwira mkono.

Anyamata a mabasi anali owonda, a miyendo youma, ndipo asanayambe n'komwe anali atatuluka kale thukuta pokonzekera. Athu ankajambulitsa.

Chigawo choyamba Ndege anagoletsa. Chigoli chokongola, ndisaname, anadutsa anthu awiri n'kuuika pakona. Bwalo linaphulika. Mtsikana wanga analumpha n'kuponda tomato wanga, ine osamukalipira. Koma sindinavine nawo. Ndinali nditaonera timu imeneyi kokwanira.

Atabwera kopuma, timu yathu inkatchinga golo la kufupi ndi nyumba yathu, ndiye zonse zinkachitika pamaso panga, pafupi moti ndinkamva kupuma kwa amuna anga. Kupuma kwake kunali kwa munthu wokwera phiri atasenza thumba. A mabasi anayamba kubwera, kubwera, kubweranso. Anabweza chigoli chija mosavuta, goloboyi wathu akuyang'ana. Komabe kufanana mphamvu kunkatikwanira. Masapota anayamba kufuulira woyimbira kuti nthawi yatha, athetse. Anyamata athu sankathamanganso, ankangodzikoka, nkhope zitatuwa. Amuna anga ndinawaona maso ali gwa, pakamwa pali yasa, ndipo ndinadziwa kuti mutu suli pamenepo, miyendo ikungoyenda yokha.

Nthawi itatsala pang'ono kwambiri, wa mabasi anaponya mpira wam'mwamba kuchokera kumbali. Amuna anga anaulandira pachifuwa, bwinobwino, n'kuutsitsa pansi m'bokosi mwathu, patsogolo pa golo. Panalibe mdani pafupi. Chimene chinatsala n'kuumenya basi, kuutaya kutali, ngakhale m'dimba langa, ngakhale pazenera la kukhitchini, ndikanawaombera m'manja. Ndinakuwa kuti, "Tayani! Tayani, bambo!"

Nthawi yomweyo kamnyamata kathu kotchinga kumanzere kanagwa pansi, mnofu wa mwendo utakakoka. Kanakweza dzanja.

Amuna anga analiona dzanjalo. Anawerama, n'kutola mpira, n'kuuika m'khwapa.

"Imani kaye!" anafuula. "Imani kaye!"

Ndipo anyamata athu onse anaima, ndithu, manja m'chiuno, wina n'kuyamba kuyenda kupita kukatenga madzi. Bwalo lonse linati zii. Ngakhale woyimbira anachedwa kuimba, anaima kaye akuyang'ana ngati sakukhulupirira maso ake. Kenako wezulo unalira, dzanja lake likuloza pa penate.

Nkhope ya amuna anga pa nthawi imeneyo sindidzaiwala. Anayang'ana woyimbira, anayang'ana mpira umene unali m'khwapa mwawo, kenako anautaya pansi msangamsanga ngati wawaotcha. Anatembenukira kubenchi. A kochi anali atagwira kumutu ndi manja onse awiri. Ine ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Mtsikana wanga ankangondifunsa kuti, "Amayi, adadi atani? Atani adadi?" Penateyo sindinaione. Ndinangomva ukonde ukugwedezeka pamwamba pa mutu wanga, ndi anyamata a mabasi akukuwa.

Ndinkayesa kuti masapota awagenda amuna anga. Bola akanawagenda. Anthu anaseka. Anatuluka m'bwalo akuseka mpaka kugwira m'mimba, akuwerama kuyerekeza kutola mpira, akuuzana kuti "imani kaye." Wina anali atajambula pafoni, ndipo pofika mawa lake ngakhale amayi ogulitsa makala kumsika ankandiyang'ana akudziletsa kuseka. Anyamata anga kusukulu anzawo ankawatolera mpira n'kuwapatsa m'manja, ati atengere bambo awo. Wamkulu mwa awiriwo anamenyana mpaka kung'ambitsa malaya.

Amuna anga anakhala m'chipinda masiku angapo, makatani otseka. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwauze, koma nditalowa ndi tiyi n'kuwapeza atakhala pansi, msana atatsamira bedi, ndinangoika tiyiyo pambali pawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, sindinaganize n'komwe. Manja anangopita okha." Ndinawakhulupirira, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinawaonera pazenera zaka zonsezo akuphunzitsa manjawo.

Bwana wamkulu sanachedwe. Timu inathetsedwa sabata yomweyo. Afolomani, poti ndi munthu wachifundo, anati amene angathe kukweza makatoni a sopo m'malole atsale ngati aganyu, mwina pambuyo pake adzawaganizira. Amuna anga anapita. Anabwerako dzuwa lisanafike pamutu, akugwira msana, ati anyamata a kumeneko amathamanga ndi makatoni ngati alibe mafupa, ndipo palibe wopumitsa mnzake. Anayesa matimu ena awiri. Kwina anawathamangitsa pang'ono n'kuwauza kuti adzawaimbira. Kwinako kochi wake anangowaona pageti n'kunena kuti, "Akulu, kuno timasewera ndi miyendo." Atabwerako, nsapato zampira anaziponya pamwamba pa kabati.

A ku ofesi ya nyumba anabwera kudzatiuza tsiku lotuluka. Ndinayenda kwa achibale onse amene ndinkawadziwa, ndi ena amene ndinali nditawaiwala. Zinatha monga ndinkaopera. Achemwali anga, amene amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika, anati ine ndi anyamata awiriwo tikhoza kumayala pansi, koma anthu anayi sangathe, mwini nyumba angawathamangitse. Amuna anga msuweni wawo anawapezera pogona kugalaja kumene amatsuka magalimoto. Anatsala mtsikana. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene amakhala kutali ulendo wa tsiku lonse pa basi, anati amutenga. Anali atangobereka kumene, ndipo ankafuna munthu wowagwirira mwana akapita kuntchito.

"Nanga sukulu, alamu?" ndinawafunsa pafoni. "Mayeso ake ali pafupi."

"Za sukulu tidzaona akafika," anayankha. Ine ndine mzimayi, ndimadziwa tanthauzo la tidzaona.

Tsiku losamuka kunacha bwino, kopanda mtambo. Tinabwereka kalole ka msuweni uja. Ndili pakati pomanga mapoto m'chitenje, ndinamva njinga ikuima pageti. A kochi. Anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Nawonso ntchito inali itatha, ndipo m'nyumba mwawo anali atatulukamo kale. Sanapereke moni wautali, anangovula chipewa n'kugwira mbali imodzi ya kabati kuti athandize kukweza.

Pamenepo ndiye zonse zimene ndinasunga zinatuluka.

"Siyani kabati yanga! Mwabwera kudzathandiza? Lero? Ndinakupemphani ine, ndinabwera ndekha m'kachipinda kanu konunkha kaja, ndinati athamangitseni. Munawalera ngati makanda anthu a ndevu zawo, kuti azikukondani, kuti muzigona bwino inuyo ndi bondo lanulo. Taonani tsopano! Bondo la amuna anga ndi lathunthu, eya, mwalisunga. Akagona nalo kugalaja. Mwana wanga akupita kukalera mwana wa eni, inu mukadali munthu wabwino!"

Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaonera. Ine ndinkafuna a kochi andiyankhe, anditsutse, anene kuti mpira ndi choncho, kuti ndipeze pogwira ndiwakalipire mpaka mawu andithere. Koma anangoima, chipewa chili m'manja.

"Zonse mwanenazo ndi zoona, mayi," anatero motsitsa. "Ndinkaona kumene tikupita. Ndinkati mawa ndiwalimbitsa, mawa likafika n'kuwayang'ana kumaso, osatha. Ndilibe choti ndikupatseni."

"Mayi, basi," anatero amuna anga ali pamwamba pa lole. "A kochi sanatole mpira. Ndinatola ndine."

"Inu khalani chete! Mpaka lero mukuwaikira kumbuyo?"

"Ndi munthu yekhayo amene sanandikalipirepo chibadwire," anatero, osandiyang'ana.

Ndinawakalipira amuna amenewa chaka chonse, a kochi anawasisita chaka chonse, ndipo ine ndi a kochiwo tinali titaima pabwalo limodzi pakati pa makatoni. Ndinawasiya a kochi akweze kabatiyo. Anaikweza akutsimphina, anakwezanso bedi ndi matiresi, kenako anakwera njinga yawo n'kumapita osatsanzika.

Alamu anafika masana atayenda usiku wonse, mwana ali kumsana, akudandaula kuti basi yobwerera siidikira munthu. Mtsikana wanga anali atalongedza yekha chikwama chake kuyambira m'mawa, osalira, osafunsa kanthu. Ndi mwana wofatsa, amene ankabwera ndi malikisi abwino popanda womukakamiza. Alamu ananyamula chikwamacho kuti aone kulemera kwake, n'kuchitsitsa msanga.

"Iii, muli miyala muno? M'basi atilipiritsa katundu." Anatsegula zipi n'kuyamba kufufuza. Anatulutsa mabuku, anatulutsa yunifolomu imene mwanayo anaisita yekha dzulo lake. "Izi zisiyeni kaye. Akafuna tidzatumiza munthu."

Ndinayang'ana amuna anga kuti anene kanthu, poti ndi mlongo wawo. Anayang'ana alamuwo, anayang'ana mwana, kenako anayamba kumanga chingwe cha lole chimene chinali chomanga kale.

Mtsikana wanga anatola yunifolomuyo pansi, anaikung'untha fumbi, n'kuipinda bwinobwino mmene ndinamuphunzitsira. Anaika mabuku pamwamba pake n'kundipatsa.

"Amayi, mudzabwera liti kudzanditenga?"

"Posachedwapa, mwanangu," anayankha bambo ake msanga, ali kuseri kwa lole.

Iye sanawayang'ane. Ankayang'ana ine, chifukwa amadziwa kuti ine sindinama. Ndinamukonza kolala ya diresi, ndinamupukuta kumaso ndi chala ngakhale kunalibe kanthu. Anadikira pang'ono, kenako anagwedeza mutu ngati wamva.

Alamu anamasula mwana kumsana kwawo, ati msana wawawawa ndi ulendo, n'kumubereketsa mtsikana wanga pomwepo. Anamanga nsalu pachifuwa pake kawiri chifukwa inali yaikulu. Anatuluka pageti alamu ali patsogolo ndi chikwama chopepuka chija, iye akutsatira pambuyo, atawerama pang'ono ndi kulemera kwa khandalo.